Imikani Galimoto Pambali, Muimbe ku Ofesi

Ana anga, za ubwana wanga ndazilumpha dala. Munazimva mpaka kutopa nazo, ndipo zina ndinkachita kuwonjezera mchere kuti muzilimbikira sukulu. Chimene ndikufuna chitsale papepala ndi ntchito imene ndinagwira, makamaka nkhani ya mwana wina wa ku Kapondo amene sindinamuonepo ndi maso, koma amene ndimamukumbukira kuposa mabwana onse amene ndinawatumikira.

Zaka zoyamba, pa Mkanda

Ntchito yanga yoyamba inali yotaipa makalata mu ofesi ya kalabu ya alimi a mtedza ndi fodya pa Mkanda. Taipilaita yake inali yokalamba kuposa ine, ndipo riboni ikauma ndinkaidonthezera palafini kuti ilembenso, moti makalata athu ankadziwika ndi fungo asanatsegulidwe. Bwana wanga anali a Jere, munthu wa njinga yopukutidwa bwino ndi mawu ochepa. Akakwiya sankakalipa, ankangokuitana ndi dzina lako lonse la ku ubatizo, iwe n'kudziwiratu kuti lero kwaipa. Ofesi italandira kompyuta yoyamba, kompyutayo inakhala miyezi yofunditsidwa chitenje chifukwa magetsi kunalibe, jenereta ankailiza patsiku la msika lokha. A Jere ndi amene anandikankhira ku maphunziro a kompyuta ku Lilongwe. Ndinapita ndikung'ung'udza, poti inu munali aang'ono ndipo bambo anu kuphika kwawo munkakudziwa. Koma ndinabwerako nditakonda chinthucho, chifukwa kompyuta siyang'ana nkhope ya munthu. Ukalakwitsa imakana, ngakhale ukhale mkazi wa tcheyamani.

Chaka chimene ndinasamukira ku boda

A Jere atasankhidwa kukhala mlembi wa bungwe la madalaivala a mathiraki ndi amalonda odutsa malire, ananditenga kuti ndikakhale wa mu ofesi. Ofesiyo inali chipinda chimodzi kuseri kwa malo odyera, ndipo zovala zanga zonse zinayamba kununkha dizilo ndi tchipisi. Tinkathandiza mamembala pa zambiri, koma ntchito imene anthu ankatidziwa nayo inali uthenga wa maliro.

Ndikufotokozereni, chifukwa inu a masiku ano simungamvetse. Dalaivala akawoloka boda ankachotsa layini ya ku Malawi mufoni n'kuikamo ya ku Zambia, akapitirira patsogolo ankaikanso ina. Kumudzi kukagwa zovuta, abale ankaimba nambala imene akuidziwa, koma nambalayo inali m'thumba la malaya, yokulungidwa m'kapepala ka ndudu. Ambiri ankabwerako n'kupeza mtumbira utauma kale. Ndiye bungwe linagwirizana kuti membala aliyense azipereka manambala ake onse ku ofesi, ndipo ife tizimusaka pa onsewo. Zitayamba kuyenda, m'midzi munabadwa chizolowezi chatsopano. Maliro a panyumba ya dalaivala sankaikidwa mpaka ofesi itanena kuti mwiniwake wamva. Akati mundidikire, adzukulu ankadikira. Akati ikani ndili kutali, anthu ankaika mitima ili m'malo. Mawu a mzimayi wotaipa makalata anayamba kulemera kuposa mmene ine mwini ndinkafunira.

Zaka za a Mwale

Amene anatichotsa pa buku ndi bolopeni anali a Mwale, mphunzitsi wa masamu wopuma ntchito, wa m'mudzi wina kufupi ndi Kachebere. Kulemba mapulogalamu anadziphunzitsa okha atakula kale, ndipo ankanyadira zimenezo poyera. Ankafika mu ofesi atavala tayi ngakhale kutenthe bwanji, n'kundiuza kuti ndikutaipa ngati ndikusinja. Ine ndinkawabwezera kuti tayi yawoyo inaona maboma onse. Tinkakangana tsiku lililonse ndipo sindinakhalepo ndi mnzanga wa pantchito woposa iwo.

Bungwe silikanatha kukhala ndi seva yakeyake, kompyuta yaikulu yosazima imene imasunga webusayiti, poti magetsi athu mukuwadziwa. Tinkachita lendi kachigawo pa seva ya kampani ina ya kunja, pamodzi ndi anthu ena ambirimbiri osawadziwa. A Mwale ankati zili ngati kukhala pamdadada wa lendi: chipinda ndi chako, koma geti ndi la landilodi, ndipo akafuna kusintha loko safunsa aliyense. Pa seva imeneyo panali zinthu ziwiri zathu. Panali pulogalamu ya a Mwale yotumiza mauthenga, ndi detabesi, nkhokwe imene munkakhala mayina ndi manambala. Pakati pa ziwirizi panali kachidutswa kena kamene amakatcha laibulale, kamene ntchito yake ndi kungotenga mawu a pulogalamu kukapereka ku detabesi n'kubweretsa yankho. Kachidutswa kameneka sikanali kathu, kanali ka landilodi, ndipo kwa zaka zambiri sindinakaganizirepo n'komwe.

A Mwale anaika malamulo awiri amene sankalola kuti munthu awakhudze. Loyamba linali loti uthenga wopita kwa dalaivala usamatchule imfa. Ankati munthu amene wagwira chiwongolero cha thiraki yodzaza katundu sayenera kuwerenga za maliro a mayi ake ali pamtsetse. Choncho pulogalamu inkatumiza mawu amodzimodzi kwa aliyense: "Imikani galimoto pambali, muimbe ku ofesi." Zotsalazo ndinkanena ine ndi pakamwa. Lachiwiri linali loti manambala azikhala obisika. Madalaivala ena anali ndi manambala amene akazi awo sankawadziwa, sindinena zambiri poti ena mwa ana awo munaphunzira nawo. Madalaivalawo anavomera kupereka manambala pokhapokha ngati palibe munthu angawawerenge, ngakhale ineyo. A Mwale anakonza zoti nambala ikalowa mu detabesi izisanduka zilembo zosamveka, ndipo pulogalamu yokha ndi imene inkatha kuimasula potumiza uthenga. Munthu akagula layini yatsopano ankangotumiza dzina lake kuchokera pa layiniyo, ine n'kuona pakompyuta kuti wakutiwakuti walembetsa nambala ina. Buku lakale tinalitentha pamaso pa mamembala, anthu akuwomba m'manja.

Kenako matenda a shuga anawatenga maso a Mwale. Anayamba ndi kukulitsa zilembo, kenako kuyandikitsa nkhope pakompyuta, mpaka tsiku lina anandifunsa ngati magetsi azima pamene anali oyaka. Anasiya kubwera. Ine ndinali nditaphunzira tina ndi tina, kusintha pasiwedi, kusunga kope ya detabesi, kuchotsa zinyalala. Pulogalamu inkayenda yokha, ndipo tonse tinazolowera kuti iziyenda.

Okutobala wa chaka chija, Lolemba

Kunali kotentha kuyambira m'mawa. Nditangotsegula ofesi foni inalira, nambala ya pagolosale ina ku Kapondo. Woimbayo anati ndi a Sandalamu, mlamu wake wa Lackson Banda. Lackson ndinkamudziwa bwino, dalaivala wofatsa amene anali ndi thiraki yakeyake yokalamba, yoti ikamadzuka aliyense paboda ankatseka mphuno. A Sandalamu anati mwana wa Lackson, Tamanda, wa sitandade 2, wamwalira mbandakucha ndi malungo ali panjinga popita naye kuchipatala. Iwowo anali malume ake a mwanayo, ndiye maliro anali m'manja mwawo. Lackson anali atanyamuka Lachisanu ndi mtedza kupita ku Ndola. Foni yake yakale anamubera ulendo wapitawo, ndipo mkazi wake analibe foni yoti akanamuimbirapo kumupatsa nambala ina. Koma ine ndinakumbukira kuti Lachisanu lomwelo madzulo ndinaona pakompyuta kuti Lackson walembetsa layini yatsopano ya ku Zambia. Ndinawauza a Sandalamu kuti asade nkhawa, pofika masana bambo a mwana akhala atamva.

Nditatsegula pulogalamu sinandipatse tsamba la mayina. Panabwera mawu amene a Mwale analemba okha kalekale kuti azioneka zinthu zikavuta: "Detabesi yakana kutsegula chitseko. Musachite mantha, itanani a Mwale." Zaka zonsezo ndinali ndisanawaonepo mawu amenewa, ndipo tsiku limene anaoneka, a Mwale anali pakhonde kwawo osaona ngakhale dzanja lawo.

Poyamba sindinachite mantha ndithu. Ndinaganiza kuti ndi intaneti, ndinagula bandulo ina. Ndinaganiza kuti ndi kompyuta yathu, ndinakayesa kwa mnyamata wokonza mapepala a katundu pafupi nafe, mawu anali omwewo. Ndinaganiza kuti ndi pasiwedi, ndinaisintha ku detabesi n'kuisinthanso mupulogalamu, kawiri konse, ndikutchula chilembo chilichonse mokweza ngati mwana wa sukulu. Palibe chinasintha. Ndinalowa patsamba la kampani limene anthu a lendi amayang'anirapo zinthu zawo, n'kutsegula detabesi ndekha. Zonse zinalimo. Dzina la Lackson Banda ndinaliona ndi maso angawa, ndipo pambali pake panali mzere watsopano wa Lachisanu, zilembo zosakanikirana zimene palibe munthu akanaziimba. Nambala inali pamaso panga koma sindikanatha kuiwerenga.

Pa seva pamakhala fayilo imene imalemba zolakwika zonse. Nditaitsegula ndinapeza mzere umodzi wobwerezabwereza kuyambira Loweruka, wonena kuti laibulale siikuidziwa njira imene detabesi ikufunsira pasiwedi. Pasiwedi inali yolondola. Zimene zinachitika n'zoti kampani ija inaika detabesi ya mtundu watsopano kumapeto a sabata, ndipo laibulale imene pulogalamu yathu inkadalira inali ya mtundu wakale. Ndinawalembera. Yankho linafika dzuwa litapendeka, laulemu kwambiri. Anati anatichenjeza kale pa imelo miyezi ingapo yapitayo. Imelo imeneyo inali ya a Mwale. Anatinso sangabwezeretse detabesi yakale chifukwa cha kasitomala mmodzi, poti seva ndi ya anthu ambiri, koma ndingosankha patsamba lawo mtundu watsopano wa chilankhulo chimene pulogalamu inalembedwera, chifukwa umabwera ndi laibulale yogwirizana ndi detabesi. Ndinasankha. Mawu a a Mwale anachokadi, koma tsamba linangoyera mbee, popanda kalikonse. Mtundu watsopanowo sunkawadziwanso mawu akale amene a Mwale analembera pulogalamu. Ndikabwerera ku wakale, pulogalamu inkadzuka koma detabesi inkakana. Ndikapita ku watsopano, detabesi inkalola koma pulogalamu inkagwa. Ndinasintha uku ndi uku kangapo, ngati kuti mwina china chitopa n'kugonja.

A Jere sanakhale pansi. Anayenda thiraki ndi thiraki pamzere, kupempha aliyense wolowera ku Lusaka ndi ku Ndola kuti akamuona Lackson amuuze aimbe ku ofesi. Palibe amene anali ndi nambala yake yatsopano. A Sandalamu ataimbanso madzulo, ndinawapempha kuti adikire mawa, ndipo anavomera popanda kufunsa kawiri.

Lachiwiri

Ndinakwera kabaza m'mamawa ndi laputopu ya ofesi pamiyendo, kupita kwa a Mwale. Ndinawapeza pakhonde atavala malaya oyera omanga mabatani mpaka m'khosi, koma tayi panalibe. Anandizindikira ndi mayendedwe. Anati palibe mzimayi wina m'boma lonse la Mchinji amene amaponda pansi ngati akukwiyira nthaka. Nditawauza za mwanayo, nthabwala zinatha.

"Ndiwerengereni mzere wa cholakwikacho pang'onopang'ono, mayi," anatero.

Ndinawerenga. Anasisita bondo. Kenako anati ankadziwa kuti tsiku limeneli lidzafika, kuti mawu amene analembera pulogalamu anali atayamba kutayidwa kalekale, ndipo ankati adzawasintha maso akachira. Ndinawafunsa ngati panalibe njira yachidule yomasulira nambala imodzi yokha. Anati anaitseka dala njira imeneyo, chifukwa ndi zimene analonjeza madalaivala, ndipo kuitsegula kungatenge nthawi yofanana ndi kukonza pulogalamu yonse. Chofunika chinali kupeza paliponse pamene pulogalamu ikulankhula ndi detabesi, fayilo ndi fayilo, n'kulembapo mawu atsopano amene laibulale yatsopano imawamva.

Tinayamba. Ine ndinkawerenga mzere, iwo ankaumvetsera atatseka maso osaonawo, n'kundiuza choti ndilembe, mpaka kadontho ndi kampumiro. Mutu wawo unali wakuthwa ngati kale, koma mawu atsopanowo ankawakumbukira mwa apo ndi apo, poti anawawerenga maso atayamba kale kuchita chifunga. Tikakonza fayilo imodzi ndinkayenda kukaima pachulu kuseri kwa khola, pamene pankagwira netiweki, kuti ndiitumize ku seva. Ndikabwerako ndinkabwera ndi cholakwika china. Moto wa mulaputopu unkatsika, ndipo kasola kawo kankangokwana foni ndi wailesi.

Dzuwa lili paliwombo a Sandalamu anaimba. Sanalankhule mokalipa, analankhula ngati munthu amene sanagone.

"Mayi, dzuwali mukuliona. Mwana wayamba kusintha. Azimayi m'nyumbamo akulephera kukhalamo, adzukulu anamaliza kukumba dzulo. Ife sitingaike ofesi isananene. Mungotiuza inuyo, tidikire kapena tiike?"

Ndinawapempha kuti andipatse kanthawi. Ndinaimbira a Jere, iwo anati amene akuona makinawo ndi ine, chimene ndinene iwo adzaima nacho. Ndinatembenukira kwa a Mwale n'kuwafunsa ngati timaliza lero.

"Ndikanakhala ndi maso ndikanati inde," anatero. "Koma ndi maso anu ndi mutu wanga, sindikudziwa, mayi. Sindikufuna kukunamizani."

Ndinakhala pansi pakhonde paja n'kuyamba kuganiza. Ngakhale titamaliza madzulo omwewo, munthu anali ku Ndola. Kuti apeze pomusiyira thiraki, akwere basi mpaka ku Lusaka, ina mpaka kuno, ndiye kuti mwana akhala m'nyumba masiku ena m'kutentha kwa Okutobala, kumudzi kopanda nyumba yachisoni. Foni italiranso sanali a Sandalamu. Anali mayi a Tamanda, amene anachita kutuluka pasiwa kukalanda foni kwa mchimwene wawo. Mawu awo anali atatha ndi kulira.

"Mayi, bambo ake angomuona nkhope basi. Ponyamuka anamusiya akusewera. Akabwera ndiwaonetsa chiyani?"

Ana anga, ndinabereka inu, ndipo ndinamva zimene mayi uja ankanena mpaka m'mimba. Koma ndinadziwanso kuti nkhope imene ankafuna kuti bambo aione siikanadikira. Ndinawauza kuti sindingawalonjeze kuti uthenga upita lero, ndipo ngakhale upite, ku Ndola n'kutali. Ndinawapempha kuti apereke foni kwa a Sandalamu. Mwana sanali wanga, mbumba sinali yanga, koma mawu amene ankadikira anali a ofesi, ndipo ofesi tsiku limenelo inali ine.

"Ikani," ndinatero.

A Sandalamu anathokoza. Chimenecho chinandipweteka kwambiri, kuti munthu akuthokoze pa mawu otero. Patapita kanthawi a Mwale anangoti tipitirize, tinali pa fayilo yotumiza mauthenga. Tinagwira mpaka laputopu inazima. Tamanda anaikidwa madzulo a tsiku limenelo.

Lachitatu

Ndinatchaja laputopu ku ofesi n'kupitiriza m'mawa, a Mwale ali pafoni. Panatsala malo ochepa. Cholakwika chomaliza chinali chopusa, mawu awiri amene laibulale yakale inkawalandira mwa dongosolo lina, yatsopano n'kumawafuna mosinthanitsa. Nditawasintha, tsamba la mayina linatseguka ngati palibe chinachitika. Sindinasangalale. Ndinapeza dzina la Lackson, n'kutumiza uthenga. Ndinali ndisanachotse n'komwe dzanja patebulo pamene foni ya ofesi inalira.

"Mayi, ndine Lackson. Galimoto ndi yoima kale. Ndani?"

Pa zaka zonse zimene ndinagwira ntchito imeneyi ndinali nditaphunzira kusazungulira. Ndinamuuza kuti ndi Tamanda, malungo, Lolemba mbandakucha. Ndinamva akupuma. Kenako ndinamufunsa kuti ali pati, kuti ndione mmene angayendere.

"Ndili pa Chipata pompa. Giyabokosi inafa Lachisanu nditangowoloka. Ndili pagalaja ina kuseri kwa msika, ndikulondera mtedza wa eni ake. Auzeni andidikire, mayi, ndifika lero lomwe dzuwa lisanapendeke."

Pa Chipata, ana anga. Pamene inu mumapita kukagula zitenje m'mawa n'kubwerako kudzadya nkhomaliro kunyumba. Madalaivala onse amene a Jere anawatuma anamudutsa pamsewu waukulu, akuthamangira kukamusaka ku Ndola. Uthenga ukanapita Lolemba m'mawa, akanafika ku Kapondo tsiku lomwelo. Ndikanati adikire tsiku limodzi lokha, akanamupeza mwana wake m'nyumba.

"Bambo Banda, anaika dzulo."

Kenako anafunsa kuti anawauza ndani kuti aike iye asanamve. Ndinamuuza kuti ndine.

Anadutsira ku ofesi asanapite kumudzi. Ndinali nditakonzeka kuti anditukwane, ndipo mwina ndikanapepukidwa akanatero. Analowa ndi ovolosi yakuda ndi girisi, n'kukana mpando. Ndinamufotokozera zonse, za landilodi, za laibulale yakale ndi detabesi yatsopano, za imelo imene inapita kwa munthu wosaona. Sindikudziwa ngati anamva chilichonse. Ankangoyang'ana kompyuta.

"Nambala yanga inalimo?"

"Inalimo."

"Masiku onsewa?"

"Masiku onsewa."

Anatulutsa kafoni kake kamabatani m'thumba n'kukayang'ana. "Ndinkaitchaja tsiku lililonse pagalajapo," anatero. "Ndinkati mwina kunyumba kungachitike kanthu, a ku ofesi asandisowe."

Anatuluka kukakwera minibasi. Ine ndinatseka chitseko n'kulira kulira kumene sindinalire ngakhale pamaliro a bambo anu.

Zaka zotsiriza

Mukandifunsa ngati ndinalakwa, ndikuuzani kuti ndi zimene ndinkadziwa pakhonde la a Mwale, ndikananenanso mawu omwewo. A Sandalamu anandiuza zomwezo, a Jere anaima nane pamsonkhano wa mamembala monga analonjezera. Koma zimenezo sizichotsa chisoni, zimangochititsa kuti chisowe poti chiloze. Kampani ija inachita zimene makampani amachita, ndipo inachenjeza. A Mwale anabisa manambala chifukwa chosunga lonjezo. Aliyense anachita zake bwinobwino, bambo n'kulephera kuona nkhope ya mwana wake ali pa Chipata pompa.

A Mwale nditawauza kumene Lackson anali, anandipempha chinthu chimodzi, kuti ndichotse dzina lawo pa mawu aja oti musachite mantha. Anati si bwino kuuza anthu kuti aitane munthu amene sangabwere. Ndinawauza kuti ndachotsa, koma sindinachotse mpaka atamwalira mvula yotsatira itangoyamba. Tinasintha imelo kuti machenjezo azifika ku ofesi, ndipo ndinaphunzira kuyang'ana mitundu ya malaibulale kampani ikangonena kuti ikusintha kanthu. Amene anatenga malo anga ndinamuphunzitsa zimenezi asanadziwe n'komwe pamene timasunga makiyi.

Anthu ankati Lackson atuluka m'bungwe, koma sanatuluke. Thiraki anaikonza, n'kubwerera pamsewu, poti panali ana ena oti adye. Chimene chinasintha n'chakuti ulendo uliwonse, asanawoloke, ankaimika thiraki pamzere n'kubwera ku ofesi. Sankalowa. Ankaima pakhomo, kundipatsa moni waulemu, n'kunena kuti, "Tumizani ndione, mayi." Pulogalamu ija inali ndi uthenga umodzi wokha woti ingatumize kwa dalaivala, ndipo iye ankadziwa zimenezo. Ndinkapeza dzina lake, n'kutumiza. Kafoni kankalira m'manja mwake. Ankawerenga mawu onse mpaka kumapeto, oti aimike galimoto pambali aimbe ku ofesi, n'kugwedeza mutu, n'kubweza foni m'thumba la pachifuwa. Anachita zimenezi mpaka tsiku limene ndinapuma ntchito, ndipo ndikumva kuti akuchitabe.